Uchi Wokana Kuundana

Botolo lija linali litakhala pazenera la kukhitchini kuyambira pamene mphepo yozizira inayamba, ndipo m'nyumba monse munalibe woyerekeza kulitsegula. Munali uchi wakuda ngati tiyi woiwalika pamoto, umene Wanjuchi, mnyamata woweta njuchi, anatumiza kwa bambo ake a Mzime monga moni wa munthu wofuna kudziwika pakhomo. Mzime, mwana wotsiriza m'nyumbamo, ndi amene anaunyamula, ataukulunga m'kansalu koyera. Iye ankaganiza kuti bambo ake alawa, agwedeza mutu, kenaka anena kuti mnyamatayo abwere adzamuone. Koma iwo anangoliunika botololo pa dzuwa, kulipendeketsa, n'kuliika pazenera.

"Ukhale pamenepa mpaka kuzizira kuthe," anatero. "Uchi weniweni ukamva kuzizira umaundana, umachita mchenga. Wosakaniza ndi madzi a shuga umangoyenderera chaka chonse. Ukaundana, mnyamatayo abwere. Ukapanda kuundana, usadzanditchulirenso za iye."

Bambowa anali kalipentala wopuma ntchito, munthu wofatsa amene sankakalipira ngakhale nkhuku, koma akanena chinthu chinkakhala chokhomera ndi msomali. Tiyi wawo ankathiramo uchi kuyambira ali mnyamata, ndipo pa nkhani imeneyi ankadziona katswiri. Lamulo lawo la kuundanali linali ndi umboni umodzi wokha, kungoti umboniwo unkadya nawo patebulo tsiku ndi tsiku. Mkamwini wawo woyamba, mwamuna wa achemwali ake a Mzime, nayenso anabwera ndi botolo la uchi pofunsira. Uchiwo sunaundane, ndipo mwini wake sanakhazikikenso: anapita kutali kukafuna ntchito n'kukapeza mkazi wina. Achemwaliwo anabwerera kwa makolo ndi katundu wawo, ndipo kuchokera pamenepo bambo anasiya kukhulupirira nkhope za anyamata n'kuyamba kukhulupirira mabotolo.

Vuto linali lakuti Mzime ankadziwa chimene bambo ake sankachidziwa. Uchi wa Wanjuchi suundana. Mwini wake ndi amene anamuuza, ndipo anamuuza monyadira.

* * *

Awiriwa anadziwana kushopu yosokera zovala kumene Mzime ankagwira ntchito. Mnyamatayo anabwera ndi chipewa chake cha neti chitang'ambika, diso limodzi litatupa mpaka kutsekeka. Mzime anaseka, anapepesa, kenaka anasekanso. Patangopita masiku ochepa chipewa chija chinabweranso, ndipo kenaka chinabweranso, ulendo uno chitang'ambika mowongoka bwino ngati wachita kudula ndi lumo. Mzime anamuuza kuti ngati akufuna kumuona angonena, chifukwa neti yosokera zigamba yatsala pang'ono kutha.

Tsiku lina m'nyengo yotentha Wanjuchi anamutengera kunkhalango kumene kunali ming'oma yake. Maluwa kunalibe, udzu unali utauma, koma njuchi zinkalira m'mwamba mwa mitengo ngati kuli msika. Mnyamatayo anathyola tsamba lonyezimira, lomata kuzala, n'kumupatsa.

"Nyambita."

"Ndinyambite tsamba? Wandiona ngati mbuzi?"

"Mbuzi siifunsa mafunso ambiri chonchi. Talawa."

Analawa. Tsambalo linali lotsekemera.

"Awa ine ndimati mame a m'mitengo," anatero Wanjuchi. "Kunsi kwa masambawa kuli tizilombo ting'onoting'ono, nsabwe za m'mitengo, timene timayamwa madzi a mtengo. Otsala timawatulutsa, ndiye amadonthera pamasamba chonchi. Maluwa akasowa, njuchi zanga zimatola amenewa. N'chifukwa chake uchi wanga ndi wakuda, wolemera, ndipo sutsekemera molasa ngati wa maluwa. Ukaumeza umasiya kakuwawa pang'ono kukhosi, ndi kafungo ka utomoni. Ungausunge chaka chathunthu, suundana. Ndiponso si chaka chilichonse umapezeka."

Mzime anali atasiya kumeza. "Wati timawatulutsa. Timatulutsira mbali iti?"

Wanjuchi anayang'ana kumwamba, n'kukanda kumutu. "Anthu amene amafunsa funso limenelo amatha sabata osandilankhula."

Mzime anamuthamangitsa ndi kanthambi mpaka kumsewu, onse akuseka. Koma pobwerera anapempha kabotolo kake, ndipo pasanapite nthawi uchi wina uliwonse unayamba kumukomera ngati madzi a shuga. Anali atamukonda mnyamatayo, ndi uchi wake wa nsabwe womwewo.

* * *

M'mawa uliwonse asanapite kuntchito, Mzime ankapendeketsa botolo la pazenera ndi chala chimodzi, ngati kuti uchiwo ungamumvere chisoni n'kusintha khalidwe. Unkangotsetsereka pang'onopang'ono, wonyezimira, wopanda ndi kamchenga komwe.

"Ukupereka moni kwa mlamu wanga?" anafunsa achemwali ake akutsuka makapu.

"Musandiseke, achemwali."

"Sindikuseka. Inenso langa ndinkalipendeketsa chonchi. Mwina ndi matenda a m'banja mwathu muno, timakonda amuna oyenderera."

"Uyu si woyenderera."

"Ndikudziwa, mwana wa amayi. Munthu wodula chipewa chake ndi lumo chifukwa cha iwe sangathawe. Koma bambo safunsa ine, amafunsa zenera."

Foni inalira m'thumba. Unali uthenga wa Wanjuchi: "Wadzuka bwanji, telala wanga? Bambo akuti chiyani za uchi uja?"

Mzime analemba, anafufuta, analembanso. Pomaliza anatumiza kuti: "Akuusunga bwino. Akuti si wodya mothamanga."

Yankho linabwera nthawi yomweyo: "Amadziwa zinthu bambo amenewo. Ndawakonda ndisanawaone."

Mzime anamwetulira, koma mtima unamupweteka. Za mayeso a pazenera anali asanamuuze, ndipo ankadziwa chifukwa chake. Wanjuchi ankaseka chilichonse: diso lake lotupa, njinga yake yolira ngati ikudandaula, ngakhale mphuno yake. Chimene sankaseka chinali uchi wake. Tsiku lina mayi wina pamsika anamuuza kuti akugulitsa shuga wopserera, ndipo iye analongedza mabotolo ake n'kukhala tsiku lonse osalankhula. Mzime sankafuna kuti mnyamatayo ndi bambo ake ayambe kudana asanagwirane n'chanza chomwe.

* * *

Madzulo ena akumwa tiyi, Mzime analimba mtima.

"Bambo, uliponso uchi wina umene suundana, koma ndi weniweni."

"Wakuuza mwini uchiyo?"

"Eya."

"Nanga umayembekeza kuti akuuza chiyani?"

Mzime anayamba kufotokoza za nkhalango, za masamba onyezimira, za njuchi zosowa maluwa. Zinkayenda bwino ndithu mpaka pamene anatchula tizilombo tija. Mayi ake anaika kapu pansi.

"Wati nsabwe? Ndiye chili pazenera langa chija ndi chimbudzi cha nsabwe?"

"Za m'mitengo, amayi, osati za m'mutu."

"Nsabwe ndi nsabwe basi."

Achemwali ake anatsamwa ndi tiyi n'kuthawira kukhitchini, kumene kuseka kwawo kunkamveka bwinobwino. Mayi anapezerapo mpata wolowetsa nkhani yawo ya masiku onse. Pakona pa msewu panali golosale, ndipo mwana wa mwini wake, amene anthu ankangomutcha Wagolosale, anali atamufunsira Mzime kangapo n'kukanidwa kangapo. Ataona kuti mwana akuvuta, anatembenukira kwa make: chilichonse chimene mayiwo agula ankawaonjezera kenakake, ndipo ankawanyamulira thumba mpaka pageti.

"Mwana wa pagolosale uja ali ndi uchi wa maluwa, wooneka bwino," anatero mayi. "Ndiponso amapereka moni ngati munthu woleredwa. Iwe wakasankha wa m'tchire."

Bambo anatakasa tiyi wawo modekha. "Njuchi ndaziona pamaluwa moyo wanga wonse. Yopita kwa nsabwe sindinaione. Tisakangane, mwana wanga. Kuzizira kwatsala pang'ono kutha, botolo lija liyankha lokha."

* * *

Lamlungu masana Mzime anakumana ndi Wanjuchi pabenchi ya pansi pa mtengo, pafupi ndi pokwerera basi. Mnyamatayo anabwera ndi nkhope yowala, malaya atavala mokhotetsa mabatani chifukwa chofulumira. Mzime anamukonzera mabataniwo, uku akumunena kuti akumuchititsa manyazi monga telala.

"Ndapeza nyumba," anatero Wanjuchi. "Ndi yaing'ono, koma chipinda china chili ndi zenera lalikulu loyang'ana kotulukira dzuwa. Nditangolowa ndinaona makina ako osokera ali pamenepo."

"Makina ndilibe."

"N'chifukwa chake ndati ndinawaona ine ndekha. Iwe udzawaona pambuyo pake."

Anakhala nthawi yaitali akukangana za mtundu wa makatani, za mbali imene bedi lidzayang'ane, ndi zoti njuchi sizidzaloledwa kufika pakhonde ngakhale zitabwera kudzacheza. Mzime anatsamiritsa mutu paphewa pake. Anali wosangalala kwambiri moti kwa kanthawi anaiwala kuti m'dziko muno muli mazenera ndi mabotolo.

"Ndiye bambo andiitana liti?" anafunsa mnyamatayo. "Mwini nyumba uja sangandidikire mpaka kalekale."

"Posachedwa," anayankha Mzime, ndipo kamphepo kamene kanawomba nthawi imeneyo kanali kofunda kale.

Atafika kunyumba anapeza achemwali ake akusita. Anawauza zonse, za nyumba, za zenera lalikulu, za kamphepo kofunda. Iwo anaimika simbi n'kumuyang'ana.

"Bambo akufuna mchenga, si choncho? Apatse mchenga. Uchi woundana kale ulipo pagolosale, wa bulugamu, woderako bwino. Iwowa wa mlamu wangayo sanaulawepo, adzadziwa bwanji? Mawa akupita kukaona anzawo odwala aja, amayi akuwaperekeza."

"Limenelo ndi bodza, achemwali."

"Bodza lake lili pati? Mnyamatayo ndi wabwino, uchi wake ndi weniweni. Wolakwa ndi zenera. Iwe ukungolithandiza zeneralo kunena zoona."

Munthu akafunitsitsa chinthu, nzeru zokhota zimamveka zowongoka. Mzime anakana mpaka madzulo, koma m'mawa mwake anatsitsa botolo pazenera n'kulikulunga m'kansalu koyera kaja.

* * *

Wagolosale anamuona akubwera ali patali, ndipo pofika pakauntala anamupeza atapesa kale tsitsi.

"Lero dzuwa latulukira kuti? Takulandirani, asisi. Ndinayesa msewu wa kuno munautseka."

"Ndikufuna uchi wa bulugamu, woundana uja."

"Inu? Ndimayesa kwanu uchi umachita kubwera wokha kuchokera kunkhalango."

Mzime anamasula kansalu, n'kupempha kuti uchiwo authire m'botolo lake lomwelo. Wagolosale anayang'ana botolo, anayang'ana uchi wakuda uli m'menemo, anayang'ananso mwini wake, ndipo kumwetulira kwake kunakula. Sanali wopusa, ndiponso mayi a Mzime sankamubisira nkhani za kunyumba.

"Nanga uli m'katiwu upita kuti?"

"Ndipatseni kabotolo kena, ndiuthiremo ndizipita nawo."

"Mabotolo opanda kanthu andithera," anatero, ngakhale kumbuyo kwake kunali shelefu yodzaza. "Tichite chonchi. Ndalama yanu sindilandira, inu ndi munthu wa kunyumba. Wakudawu mundisiyire, inenso ndilaweko zimene zinakusokonezani mutu. Ndiye kunyumba muusunga pati woti amayi asauone?"

Funso limenelo Mzime anali asanaliganize. Mayi ake ankadziwa malo a singano iliyonse m'nyumbamo. Anaima kanthawi, manja ali pabotolo. Uchiwo unali woyamba wa chaka chimenecho, ndipo Wanjuchi anachita kusankha zisa zake yekha. Koma kasitomala wina anali akulowa, ndipo Mzime anachita mantha kuti amuona.

"Chitani msanga," anatero.

Wagolosale anakhuthula uchi wakuda uja m'mbale yake, anatsuka botolo, n'kuyamba kulongamo woundana ndi supuni, akuutsendera bwino kuti uoneke ngati unaumira momwemo. Ntchito anaigwira mwaluso, ndipo ankaimba kanyimbo.

"Chinsinsi chanu chili m'manja abwino, asisi," anatero pomupatsira.

* * *

M'mawa mwake Mzime anamva bambo ake akuitana mayi kukhitchini. Anawapeza atanyamula botolo mozondotsa, ndipo palibe chimene chinkagwa.

"Taonani, mayi a ana. Wagwira ngati simenti. Wayererako, koma uchi ukaundana umatero. Ndinkada nkhawa, ndisaname, chifukwa mwanayu ndimamuona m'mene amayendera masiku ano, mapazi osagunda pansi." Anatembenukira kwa Mzime, maso akuwala. "Muuze abwere Loweruka masana. Ndipo palibe atsegule botolo ili, tidzalawira limodzi ndi mwini wake."

Mayi anangoti kukamwa pinda, n'kupitiriza kupukuta mbale. Achemwali anatsinzinira Mzime diso. Iye anathamangira kuchipinda kukalemba uthenga: "Akuitana. Loweruka masana. Mabatani udzamange bwino."

"Ndayamba kale kuyeserera," linatero yankho.

Masiku otsatirawo anali okoma, tisabise. Bambo anakonza mpando wogwedera wa pabalaza akuimba mluzu. Mzime anasoka nsalu yatsopano ya patebulo. Mawu oti "tidzalawira limodzi" ankamubwerera nthawi zina, koma ankadzitonthoza kuti mlendo wa tsiku loyamba sangamve n'kukoma kwa chimene akudya. Anaganizapo zomuchenjeza. Anatsegula foni kangapo, koma nthawi zonse ankapeza uthenga wina wa makatani kapena wa makina osokera, ndipo ankalephera kuwononga chimwemwe cha munthu.

* * *

Wanjuchi anafika nthawi yabwino, mabatani ali m'malo mwake, nsapato zitapukutidwa mpaka kuwala. Anapereka moni kwa bambo ndi manja awiri, kwa mayi chimodzimodzi, ndipo achemwali atamutcha "alamu" makutu ake anatentha. Bambo anamufunsa za makolo ake, za ming'oma, za matabwa amene amapangira ming'omayo. Atamva kuti amakhoma yekha, anasendeza mpando pafupi, ndipo awiriwo anatayika m'nkhani ya misomali ndi guluu mpaka tiyi anayamba kuzizira. Ngakhale mayi anafewa pamene mlendoyo anayamikira buledi wawo n'kutenganso chidutswa china. Mzime anakhala pakona pa mpando, akuwayang'ana onsewo, ndipo anaona kuti moyo ungathe kukoma chonchi masiku onse.

Kenaka bambo anadzuka n'kubwera ndi botolo lija.

"Mwana wanga, mphatso yako sindinailawe. Ndinati woyamba akhale mwini wake." Anatsegula, anatapa ndi supuni, n'kumupatsa.

Wanjuchi analandira supuniyo. Anayang'ana chili pamenepo, ananunkhiza, n'kuika m'kamwa. Sanameze msanga.

"Bambo," anatero mnyamatayo motsitsa mawu, "uchiwu ndi wabwino, ndipo ndi weniweni. Koma si wanga."

"Si wako bwanji? Botololi si lako?"

"Botolo ndi langa. Koma uwu ndi wa maluwa a bulugamu. Wanga ndi wa mame a m'mitengo, ndi wakuda, ndipo suundana."

Bambo anakhala pansi pang'onopang'ono, botolo lili m'manja.

"Kodi ukudziwa chimene ndinanena za botolo ili?"

"Ayi, bambo."

Anamufotokozera zonse, osabisa kanthu: za zenera, za kuzizira, zoti ukaundana abwere, ukapanda kuundana asadzatchulidwenso m'nyumbamo. Wanjuchi ankamvetsera, nkhope yake ikusintha pang'onopang'ono.

"Tsopano wadziwa," anatero bambo. "Mwina lilime linakunamiza, zimachitika. Supuni nayi, lawanso. Ukanena kuti ndi wako, ine ndilibe mawu ena."

Mnyamatayo anayang'ana Mzime koyamba chilowere nkhaniyo. Mzime anamupempha ndi maso, osachita n'manyazi omwe. Wanjuchi anayang'ananso supuni ija, koma sanailandire.

"Ngakhale ndilawe botolo lonse, bambo, uchiwo sukhala wanga."

Bambo anatembenukira kwa ana awo aakazi. Onse awiri anali atapeza chinthu chofunika kwambiri choyang'ana pansi. Anawayang'ana nthawi yaitali, kenaka mapewa awo anayamba kugwedezeka. Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsalu yatsopano ya patebulo ija.

"Ndiye mbava zili m'nyumba mwanga momwe, ine n'kumalondera zenera." Atapuma anatembenukira kwa mlendo. "Za nsabwe zakozo sindinakhulupirirebe. Udzabwere ndi botolo lina tidzakangane bwinobwino. Koma ine ndakutsegulira chitseko kawiri, iwe kumangofunika kumeza n'kuthokoza, ndipo wakana. Uja woyamba akanameza ndi supuni yomwe. Mwanayu mutenge, ngati ukumufunabe ndi nzeru zake zokhotazi."

Achemwali anawomba m'manja. Mayi anapukusa mutu, koma anamuthirira mlendoyo tiyi wina wotentha. Wanjuchi anathokoza mwaulemu, anamwa tiyiyo mpaka kutha, ndipo posakhalitsa anatsanzika.

* * *

Mzime anamuperekeza. Atangofika pageti anamugwira dzanja.

"Wamva? Alola. Undikhululukire, ndinachita zopusa, koma taona m'mene zathera."

Wanjuchi sanachotse dzanja lake, koma sanamugwirenso. Ankayang'ana kumsewu.

"Wanga uja uli kuti?"

"Ndina... ndinausunga."

"Usaonjezere lina, chonde." Mawu ake anali ofatsa, ndipo zimenezo ndi zimene zinamuopsa Mzime. "Dzulo ndikudutsa pakona paja, Wagolosale anandiitana. Pakhonde panali anthu. Anatulutsa mbale, n'kundipatsa buledi wopaka uchi, ati ndilawe ndimuuze ngati ndi wabwino. Unali wanga. Ndiye akuti, 'Wandibweretsera Mzime yekha, atakulunga m'kansalu.' Anthu anaseka."

"Sizinali choncho. Ndinangofuna kusinthitsa, iyeyo ndi amene..."

"Ine ndinaganiza kuti wagula kwa kasitomala wanga kuti andipsetse mtima. Ndinamuuza pamaso pa anthu onsewo kuti ndi wabodza, kuti iwe sungatero ngakhale atakulipira. Ndinachoka pamenepo ndikuseka. Ndimati ndikuuze lero kuti tisekere limodzi."



"Unapita nawo wekha?" anafunsa mnyamatayo.

"Eya."

"M'kansalu?"

"Eya. Koma ndinachitira ife. Ndinkaopa kukutaya."

"Ukanandiuza, ndikanabwera ndekha kudzawaonetsa bambo tsamba ngati ndinakuonetsera iwe. Akanandithamangitsa, chabwino, bola akanathamangitsa ine weniweni. Iwe unaona kuti uchi wanga sungakwane pakhomo panu, ndipo unakaupereka kwa munthu amene ukudziwa kuti amandiseka."

Anatsegula geti n'kutulutsa njinga yake. Kwawo kunali kumanzere, koma iye anaikhotetsera kumanja, kolowera pakona.

"Ukupita kuti?"

"Kukamupepesa. Ndinamutcha wabodza pagulu, pamene amanena zoona."

"Nanga ife? Nanga nyumba ija?"

Wanjuchi anaima, phazi limodzi lili pa pedulo. "Bambo ako andiyankha. Ine ndiye sindinadziyankhe."

Mzime anatsala atagwira geti, akuyang'ana njinga ija ikupita. M'nyumba bambo ake ankamuitana mosangalala kuti abwere adzawauze tsiku limene akufuna kuti achibale adziwitsidwe.